Ngati sukulu ndi yaulere, a m'komboni akulipiranji?

Mu Januwale 2022 boma la a Hakainde Hichilema linachotsa fizi m'sukulu zake zonse, kuyambira sukulu ya mkaka mpaka Giredi 12, ndipo chaka chomwecho linalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi. Zimenezi zinachitikadi, ndipo kholo limene mwana wake anabwerera m'kalasi silikusowa wolikumbutsa kuthokoza. Koma inu a ku Unduna wa Maphunziro, munapondako liti m'tinjira ta ku Kanyama, ku George kapena ku Chawama mu Lusaka m'mamawa? Mukanaona ana a yunifolomu zamitundumitundu akulowa m'nyumba za lendi za zipinda zitatu, zolembedwa “Academy” pakhoma. Mmenemo amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo wosalipira amabwezedwa pakhomo.

Amene akulipirawo ndi mayi wopikula ndiwo pa msika wa Soweto tambala asanalire, ndi bambo wokankha wilibala, anthu ogula ufa wa pamela. Kodi atopa ndi ndalama? Kodi sanamve pa wailesi kuti fizi inatha? Nanga amathamangira kaloba mwezi ukamatha chifukwa chonyada?

Musatiuze kuti anasankha okha. Munthu amasankha pamene pali ziwiri. Kusukulu ya boma anauzidwa kuti malo atha. Wina malo anawapeza, koma anapeza kalasi ya ana oposa 100, ena atakhala pansi, mphunzitsi mmodzi, ana akusinthana m'mawa ndi masana. Mwana wake atafika Giredi 4 akulephera kuwerenga dzina lake, anamuchotsa. Munatsegula chipata osawonjezera zipinda zokwanira, ndipo eni “Academy” akudyera pomwepo.

Tsono sukulu zimenezi ndi za yani pamaso panu? Zilipo zingati ku Mtendere? Zolembetsedwa ndi zingati? Woyendera sukulu wanu anafikako liti komaliza, ndipo atapeza chimbudzi chimodzi cha ana onse analemba chiyani? A Teaching Council of Zambia amati wophunzitsa aliyense akhale ndi chiphaso. Kodi lamulo limeneli limathera pamene phula lathera? Nanga mwana wa sukulu yopanda nambala ya mayeso ya Examinations Council of Zambia, amene amakalembera mayeso pa dzina la sukulu ina, amawerengedwa m'kaundula uti?

Kolera itavuta kumayambiriro kwa 2024 munakankha tsiku lotsegulira sukulu mpaka pa 12 Febuluwale, odwala atadzaza mu National Heroes Stadium. Apo munakumbukira kuti m'komboni muli ana. Ku Kanyama madzi amasefukira dzinja lililonse, zimbudzi za dzenje n'kusakanikira ndi zitsime. Mvula itadula, munabwerera kangati kukaona kumene ana aja amasamba m'manja?

Pali sukulu zina zimene simuyenera kuziika m'gulu limodzi ndi za malonda. M'zaka za m'ma 1990, migodi ndi makampani a boma akugwa, edzi ikusiya ana amasiye m'manja mwa agogo, anthu a m'makomboni ndi a mipingo anayamba kuphunzitsa ana m'matchalitchi ndi pansi pa mitengo. Bungwe la Zambia Open Community Schools linabadwa mu 1992 chifukwa cha vuto lomweli. Lamulo la maphunziro la 2011 linazivomereza sukulu zimenezi. Chinyumba cha lamulo chinamangidwa, koma wophunzitsa mmenemo nthawi zambiri akadali wongodzipereka, wodikira kangachepe kosonkha makolo kapena kochokera kwa azungu a bungwe limene mawa lingalongedze katundu. Zaka zoposa 30 anthuwa akugwira ntchito yanu. Pamene munkalemba aphunzitsi, angati mwa iwo munawakumbukira? Mwana wamasiye wa kusukulu yotereyi si wa Zambia yemweyu? Ngati boma limavomereza kuti sukuluyo ilipo, likanirenji kulipira woyima kutsogolo kwa bolodi?

Chodabwitsa n'chakuti aphunzitsi a ziphaso alipo, ali lova m'makomboni momwemo. Ena ndi amene akuphunzitsa mu “Academy” zija pa malipiro amene mwini wake amapereka akafuna.

Mudzati ndalama zinapita ku CDF, thumba la chitukuko cha madera a aphungu. Zoona, munaikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo madesiki ena tawaona. Koma ndalamayo imagawidwa mofanana kudera lililonse la phungu. Kanyama, wa anthu pafupifupi theka la miliyoni kapena kuposa, alandire chimodzimodzi ndi dera limene anthu ake sangadzaze ngakhale chigawo chimodzi cha Kanyama? Anawerengera zimenezi ndani? Inu aphungu a mu Lusaka, munaimapo kangati m'nyumba ya malamulo kunena kuti masamu amenewa akupondereza ana anu?

Mudzatinso malo omangapo kulibe. Inu a khonsolo ya Lusaka, malowo anapita kuti? Mabwalo amene ana ankasewerapo mpira anadulidwa mapuloti, ndipo amene ankadula, kaya anavala malaya a chipani chiti, aliyense m'komboni amawadziwa. Malo a bala amapezeka. Malo a filingi sitesheni amapezeka. Sukulu ya nsanjika pamalo a sukulu zimene muli nazo kale yakanika pati?

Musathamangire kutseka tisukuluti kuti muoneke olimba, chifukwa ana mukawatulutsamo mulibe kowaika. A Douglas Syakalima, Nduna ya Maphunziro, tulutsani mndandanda wa sukulu zonse za m'makomboni a Lusaka, za boma, za anthu wamba ndi za malonda, ndi chiwerengero cha ana ndi zimbudzi pa iliyonse. Ngati mndandandawo muli nawo, mukuubisiranji? Ngati mulibe, mawu akuti ana onse ali pasukulu mukuwatenga kuti?