Bango ndi Mlomo wa Clarinet

Iye amene afuna kuti clarinet yake ilire mokoma asafulumire kudzudzula zala kapena mpweya wake, koma ayambe waona ngati mlomo wa chitolirocho ndi bango lake zamangidwa m'goli loyenerana. Pakuti mlomo wotseguka kwambiri, monga B45 wa kampani ya Vandoren ya ku Paris, ufuna bango lofewerapo, pamene wopanikiza, monga 5RV, umvana ndi lolimba. Ndipo popeza bangolo ndi chomera ndithu, cholimidwa makamaka ku Var kumwera kwa France, m'bokosi limodzi simupezeka mabango awiri olira mofanana, ngakhale onse alembedwe 3 monga nambala ya kulimba kwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: aphunzitsi, ndikupemphani, musampatse mwana bango lolimba msanga, pakuti adzangoluma mlomowo, mawu nafota, muyambitseni pa 2 kapena 2½.