Malo Osonkhanitsira Zinyalala ku Thyolo Asankhidwe Mwanzeru

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje amachita kaso ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo. Tiyi adayamba kulimidwa m'bomali mu 1908 ku Bandanga, ndipo kufikira lero amabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno. Koma makolo athu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukongola kwa minda sikungatipindulire ngati kuseri kwa misika yathu kuli milu ya zinyalala yosowa kopita.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo. Kumudzi banja lililonse limakhala ndi dzala lake, koma pa Bvumbwe, pa Boma, ku Luchenza ndi ku Makwasa, pamene anthu athithikana, dzala silingakwanire. Tsono pafunika malo apakati, pamene mawilibala ndi ngolo azitula zinyalala kwa kanthawi kochepa, kuti galimoto lalikulu lizizinyamula nthawi imodzi kupita nazo kumtaya. Njira imeneyi imapulumutsa mafuta, pakuti ulendo umodzi wa lole yodzaza umaposa maulendo ambiri a magalimoto aang'ono. Funso lalikulu ndi lakuti: malowo akhale pati?

Choyamba, tiyenera kukumbukira kuti Thyolo ndi dera la mapiri ndiponso la mvula yambiri. Zinyalala zikaikidwa pamtunda pa mtsinje kapena pafupi ndi chitsime, madzi oipa otuluka m'menemo amatsikira kwa amayi amene akutunga kumunsi, m'mitsinje monga Nswadzi ndi Thuchila. Sitidaiwale mliri wa kolera umene udayamba mu 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sitidaiwalenso namondwe wa Freddy amene adakokolola nthaka ndi nyumba m'chigawo cha Kummwera mu Marichi 2023. Malo amene madzi adadutsa nthawi imeneyo asaganiziridwe n'komwe.

Chachiwiri, malowo akhale pafupi ndi msika kuti wokankha wilibala asatope n'kutaya katundu wake mu ngalande, koma atalikire pamene amayi agulitsira tomato ndi ndiwo zamasamba. Akhalenso pa msewu umene lole ingafike ngakhale m'dzinja. Pansi pake pakhale simenti, pamwamba denga, m'mbali mpanda. Lole ikaleka kubwera, malo apakatiwo amasanduka mtaya weniweni pakati pa anthu.

Chachitatu ndicho chovuta koposa: nkhani ya malo. Tonse tidziwa kuti gawo lalikulu la nthaka yabwino ku Thyolo lili m'manja mwa maesiteti, ndipo anthu a m'midzi ali ndi timinda tating'ono. Kungakhale kupanda chilungamo kulanda kachigawo ka mayi wamasiye chifukwa chakuti iye alibe mawu. Khonsolo ikhale pansi ndi eni maesiteti ndi kupempha malo ochepa m'mphepete mwa msewu. Nawonso adzapindula, pakuti antchito awo amagula m'misika yomweyo, ndipo wothyola tiyi akadwala, ntchito imaima. Komanso zambiri zotayidwa pa msika ndi zowola. Zitasankhulidwa kusiyana ndi mapulasitiki, zingasanduke manyowa a alimi.

Ena adzati palibe ndalama. Tiwayankhe kuti kusankha malo sikulira ndalama zambiri. Kulira nzeru ndi kufunsa. Lamulo loyang'anira chilengedwe la 2017 lifuna kuti ntchito zimene zingaononge chilengedwe ziyambe zaunikidwa, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka udindo wa ukhondo ku makhonsolo. Safunsa adadya phula. Mafumu, makomiti a misika ndi alangizi a zaumoyo amvedwe njerwa yoyamba isanaikidwe.

Inu atsogoleri a m'madera ndi inu ogwira ntchito m'Boma, udindo uwu ndi wanu. Misika ikukula, ndipo malo amene ali opanda kanthu lero, mawa padzakhala nyumba ndi magolosale. Alembeni m'mapulani tsopano, aikidwe zizindikiro, anthu auzidwe poyera. Tikazengereza, zinyalala zidzadzisankhira zokha malo, ndipo kawirikawiri zimasankha mumtsinje.