ZA PAKHOMO PATHU: Duwa la M'citini Limaopa Cisanu

Mwezi wa Meyi ukalowa, pakhomo paliponse pamayamba kukonzekera cisanu. Amai amatulutsa mabulangete, abambo amaunjika nkhuni, ana nawo amayamba kukana kusamba m'mamawa. Koma pali mlendo mmodzi amene ambiri timamuiwala, ndiye duwa lija la masamba akuluakulu a mawanga oyera limene timabzala m'citini ndi kuliika pakhonde. Pofika Julai lafota, ndipo mwini wake amayamba kuganizira anansi kuti alicita cipongwe. Sabata ino tikambe za duwa limeneli, kuti anansi osalakwa apume.

Dzina lake ndi Dieffenbachia. Linapatsidwa dzinali mu 1829 pokumbukira Joseph Dieffenbach, amene anali wosamalira minda ya maluwa ya mfumu ku Vienna. Kwao kwenikweni kwa duwali ndi ku nkhalango za ku America wa pakati ndi wa kum'mwera, m'maiko monga Costa Rica, Colombia ndi Brazil. Kumeneko limamera pansi pa mitengo ikuluikulu, pamthunzi, pamene pali cinyezi ndiponso pofunda caka conse. Cisanu silicidziwa, ndipo dzuwa loomba pamasamba silinalizolowere. Munthu akamvetsa zinthu ziwirizi, wadziwa kale theka la kasamalidwe kake.

Duwali limakondwa pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 18 ndi 27. Kukazizira kufika pa madigiri 10 limayamba kuvulala. Tsono ife a m'madera okwera monga Chipata, Katete ndi Lundazi, usiku wa Juni ndi Julai umafika pafupi ndi pamenepo, ndipo amene anamanga pafupi ndi dambo amaona zoposa apo. Cifukwa cake n'cakuti mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku umatsetsereka monga madzi ndi kukasonkhana m'malo otsika. Usiku woopsa kwambiri ndi umene kumwamba kuli mbee, nyenyezi ziri ngwee, kopanda mtambo kapena mphepo, pakuti nthaka imataya kufunda kwake msanga. Nthawi yozizira koposa ndi mbandakuca, dzuwa litatsala pang'ono kutuluka.

Ambiri a ife tilibe cipangizo coyezera kutentha, koma thupi lathu limatiuza. Malo amene munthu angakhale usiku atabvala malaya okha osanjenjemera, duwa lingakhalenso bwino. Pamene inu mwafuna bulangete, nalonso lafuna kulowa m'nyumba.

Cotero m'miyezi ya cisanu lilowetseni madzulo dzuwa lisanalowe. Musaliike pafupi ndi citseko kapena pazenera, pamene mphepo imalowera, koma mkati mwa nyumba, pamwamba pa kampando, pakuti pansi ndi pozizira koposa. Nyumba ya udzu imasunga kufunda usiku wonse. Nyumba ya malata yopanda siling'i imatentha masana ndi kuzizira msanga usiku, cotero a nyumba za malata asamale kwambiri. Ngati citini n'cacikulu cosanyamulika, cikokereni pafupi ndi cipupa ca njerwa cimene caomba dzuwa masana, pakuti njerwa zimabweza kufunda kwake pang'onopang'ono usiku. Pa nyengo ino dzuwa limadzera cakumpoto, ndiye kuti cipupa ca kumpoto ndico cofunda. Fundikani duwalo ndi citenje cakale kapena saka, ndipo m'mawa muvundukule. Pepala la pulasitiki lokhudza masamba silichinga cisanu.

Pali cinthu cimodzi cimene tikucenjeza mwamphamvu. Musalowetse mbaula m'nyumba yotseka poti mufunditse duwa, kapena poti mufunde inu eni. Moto wa mbaula umaumitsa masamba, koma coopsa ceniceni n'cakuti makala amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu ndi cizungulire, amagona tulo, osadzukanso. Palibe duwa limene lingalingane ndi moyo wa mwana. Mbaula ikhale panja, kapena pamalo popita mphepo.

Kulakwa kumene kumapha maluwa ambiri pa nyengo ya cisanu ndi kuthirira. Duwa likazizidwa masamba ake amagwa mphwayi ndi kulendewera, a m'munsi amacita cikasu, ena amatuluka zigamba zonga zonyowa zimene pambuyo pake zimada. Mwini poona izi amati lamva ludzu, nathira madzi ambiri. Koma mizu yozizidwa imamwa pang'ono cabe. Madzi otsalawo amangokhala m'dothi, ndipo mizu imaola. Musanathire, pisani cala m'dothi kufika pa mfundo yoyamba. Ngati muli cinyezi, lekani. Pothirira, thirani m'mawa dzuwa litakwera, ndi madzi amene ayamba akhala padzuwa pang'ono, osati ogona panja usiku. Onetsetsaninso kuti citini ciri ndi zibowo kunsi. Feteleza kapena manyowa adikire mpaka kufunde, pakuti duwa losakula silidya.

Cisanu cikatha, bvuto limatembenuka. Mu Okutobala, makamaka kwa abale athu a m'cigwa ca Luangwa kumene kutentha kumafika madigiri 40, mdani ndi dzuwa. Masamba amapsa m'mbali, ena amacita zigamba zotuwa zouma. Citini cacitsulo cikakhala padzuwa cimatentha mpaka kuphika mizu. Mphika wadothi ndi wabwino koposa, cifukwa umatuluka thukuta ndi kuziziritsa dothi monga umo mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Mphika wakale wong'aluka, umene amai anati autaye, ndi wokwanira. Ikani duwa pamthunzi wa khonde kapena pansi pa mtengo wa mango, pamene kuwala kumafika koma dzuwa silikhudza masamba. Thirirani kawirikawiri, ndipo pukutani fumbi pamasamba ndi kansalu konyowa.

Amene duwa lawo lapsa kale ndi cisanu asafulumire kulizula. Finyani tsinde: ngati ndi lolimba, moyo ulimo. Dikirani mpaka Sepitembala, mudule tsindelo kusiya kacitsa kotalika ngati cikhatho, ndipo lidzaphukira. Cidutswa cimene mwadula, ngati sicinaole, ciduleni timapisi, kalikonse kokhala ndi mfundo monga ticitira ndi nzimbe, ndi kutigoneka m'dothi losakaniza ndi mcenga. Pakapita masabata angapo mudzakhala ndi mbeu zogawirako anansi aja munawaganizira.

Akulu anati walira mvula walira matope. Duwa lokongolali liri ndi ululu, ndipo polilowetsa m'nyumba talifikitsa pafupi ndi ana okwawa. Azungu amalicha dumb cane, kutanthauza ndodo yosalankhulitsa, cifukwa munthu akatafuna tsamba kapena tsinde lake, m'kamwa mumayaka moto, lilime ndi pakhosi zimatupa, mau osatuluka. M'madzi ake muli timinga ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timalasa mnofu. Liikeni posafikira ana, ndiponso patali ndi mbuzi, agalu ndi amphaka. Mukalidula sambani m'manja ndi sopo musanagwire m'maso kapena cakudya. Mwana akalitafuna, cotsani zotsala m'kamwa, mutsukemo ndi madzi, mumpatse madzi ozizira kapena mkaka amwe pang'onopang'ono. Akayamba kutupa kapena kubvutika kupuma, thamangirani naye ku cipatala osacedwa. Madzi ake akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali.

Madzulo ano, pokatsekera nkhuku m'khola, kumbukiraninso citini ca pakhonde. Sabata ya mawa tidzakamba za kachinjirizidwe ka mbande za tomato ndi mitengo ing'onoing'ono ya mapapaya m'madimba a kudambo.