Chijapani m'sukulu za ku Australia: oyamba ndi ambiri, omaliza ndi ochepa

M'chaka cha 1994 maboma a ku Australia adagwirizana kuti ana asukulu aziphunzira zilankhulo zinayi za ku Asia, zomwe ndi Chijapani, Chitchaina, Chiindoneziya ndi Chikoreya. Ndalama za ndondomekoyo, yomwe inkatchedwa NALSAS, zidasiya kubwera mu 2002, koma Chijapani chinali chitazika kale mizu. Mpaka lero chili m'gulu la zilankhulo zakunja zomwe ana amaphunzira kwambiri m'dzikomo.

Chaka choyamba ku sekondale chimakoma. Ana ambiri amabwera atakopeka kale ndi makatuni a anime, ndipo zilembo za hiragana 46 ndi za katakana 46 sizichedwa kulowa m'mutu. Pakatha miyezi ingapo mwana uja walemba dzina lake m'katakana pachikuto cha kope, akuonetsa makolo monyadira.

Ntchito imakula akafika pa kanji. Mwana wa ku Japan amaphunzira zilembo zimenezi 1,026 m'zaka zake za pulayimale, ndipo wamkulu amayenera kudziwa 2,136. Mwana wa ku Perth ku Australia alibe zikwangwani za m'misewu zomukumbutsa. Ali ndi kope la timabokosi basi, kulemba chilembo chimodzi mzere wonse, kamzere kalikonse pa nthawi yake, mawa lake n'kupeza kuti chilembo chomwecho chimawerengedwanso mwina. Nthawi yomweyi phunziroli limakhala losankha, ndipo mwana amayamba kuganiza za malikisi olowera ku yunivesite. Apa ndi pomwe ambiri amachisiya. Makalasi omaliza amatsala ndi ana ochepa, moti sukulu zina zimaphatikiza makalasi awiri kapena kutseka phunziro lonselo.

Izi zimatipweteka mtima, chifukwa ana amachoka atangotsala pang'ono kuyamba kudya thukuta lawo. Omwe apirira amatha kucheza ndi banja lowalandira ku Japan, ena amakhoza mayeso a Chijapani a JLPT, ena akamaliza yunivesite amakagwira ntchito kumeneko kudzera mu ndondomeko ya JET, yomwe idayamba mu 1987.

Kutsogoloku kuli chiyeso china: lamya tsopano zimamasulira zilankhulo, ndipo ena adzati mphunzitsi ngwachiyani. Lamya siingaphunzitse mwana kuyankhula mwaulemu ndi gogo wa m'nyumba yomwe wafikira. Tikupempha akuluakulu a sukulu kuti kalasi ya Chijapani isatsekedwe ngakhale mutatsala ana asanu, ndipo ulendo wa ana wopita ku Japan uzikonzedwa m'zaka zapakati, ana asanasankhe maphunziro awo omaliza.