Mukapita ku Zanzibar, thumba la unga litsale pa nyumba

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo ndalama za fodya, thonje ndi soya zikafika m'manja, magulu ambili amayamba kukamba za ulendo. A kwaya, amai a m'parishi, a cilimba ndi a kopaletivu amasonkha kwa miyezi kuti akaoneko kwina. Ena amapita ku Livingstone, ndipo olimba mtima amalunjika ku Dar es Salaam ndi kuoloka nyanja kupita ku Zanzibar. Zimenezi n'zabwino. Koma pali cizolowezi cimodzi cimene ndifuna kuti tikambilane. Pa katundu wa gulu nthawi zambili pamakhala thumba la unga, kapenta, poto ndi mthiko, ndipo pofika kumeneko nchito yoyamba imakhala yofuna mbaula.

Munthu amene wadutsa pa Nakonde, walondola njila ya njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860, wakwela sitima ya pamadzi kwa maola awili, ndiyeno akadzitsekela m'cipinda kuti aphike nsima, ameneyo wataya theka la ndalama zimene anasonkha. Anzathu Abemba ali ndi mwambi wakuti mwana amene sayenda amatamanda amake okha kuti ndiwo adziwa kuphika. Nanga amene wayenda koma wakana kulawa, asiyana pati ndi amene anatsala?

Mbali yakale ya mzinda wa Zanzibar imachedwa Stone Town, ndipo eniake amati Mji Mkongwe. Nyumba zake n'zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja, zitseko zake n'zosema mwaluso, ndipo tinjila tambili n'topapatiza kwakuti galimoto singadutse. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse. Pafupi ndi gombe pali linga lakale la Ngome Kongwe, limene Aluya a ku Oman anamanga atapitikitsa Apwitikizi, ndi nyumba ya Sultan Barghash ya mu 1883 yochedwa House of Wonders, imene mbali yake inagwa mu December 2020.

Malo amene m'Zambia aliyense ayenela kuimapo ndi chalichi ca Anglican ca Christ Church ku Mkunazini. Cinamangidwa pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Ambili amene anagulitsidwa pamenepo anacokela ku madela a kwathu kuno. Ankagwidwa m'midzi, kuolotsedwa nyanja pa Nkhotakota, kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa, ndi kulongedwa m'zombo. M'kati mwa chalichici muli mtanda wopangidwa ndi mtengo wa kwa Chitambo, umene patsinde pake anakwililapo mtima wa David Livingstone mu 1873. Motelo kamtengo ka m'dziko lathu kali pa khoma la ku Zanzibar kufikila lelo.

Mwina wina afunsa kuti mbili imeneyi igwilizana bwanji ndi cakudya. Igwilizana kwambili. Sultan Seyyid Said atasamutsila likulu lake ku Zanzibar kucokela ku Muscat ca m'ma 1840, analimbikitsa ulimi wa karafuu, zonunkhilitsa cakudya zimene Azungu amati cloves. Minda yake inafuna manja ambili okolola, ndipo manja amenewo anali a akapolo. Conco mukakhala pansi madzulo ndi mbale ya pilau, mpunga wophikidwa pamodzi ndi nyama, karafuu, mdalasini ndi iliki, mukulawa mbeu imene makolo a anthu a kuno anaithilila thukuta ndi misozi. Zimene wokuonetsani malo anakamba masana zimakhazikika bwino mumtima pamene fungo lake lili pa lilime.

Mbale zina nazonso zionetsa amene anapondapo pa cisumbuci. Capati ndi tumandasi twa nyemba tochedwa bajia zinabwela ndi Amwenye. Khofi wowawa amene amamwa ndi halua ndi mwambo wa Aluya. Cinangwa ndi cimanga zinacokela ku America m'zombo za Apwitikizi. Ndipo pali urojo, msuzi wacikasu wowawasa ndi mango kapena ndimu, umene amaikamo mbatatesi, bajia, cinangwa cokazinga ndi tsabola. Mbale imodzi imeneyi yasonkhanitsa mitundu yonse ya mzindawo.

Dzuwa likalowa, pa bwalo la Forodhani moyang'anana ndi linga lija, ophika amayala matebulo ndi kuyatsa nyale. Pamakhala nyama yowocha pa timitengo yochedwa mishkaki, nsomba, nkhanu, pweza amene ali nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu, ndi madzi a nzimbe ofinya pomwepo osakaniza ndi jinja ndi ndimu. Apa ndi pamene kuyenda pa gulu kumathandiza. Anthu asanu ndi mmodzi akagula mbale zisanu ndi imodzi zosiyana ndi kugawana, aliyense walawa zonse pa mtengo wa mbale imodzi. Amene akuopa pweza adzaona mnzake akudya ndipo adzalimba mtima.

Otsutsa ali ndi mfundo zao, ndipo sitingazinyoze. Yoyamba ndi ya m'mimba. N'zoona kuti pa malo odzaza alendo nsomba zina zimakhala pa tebulo nthawi yaitali ndipo zimangofunditsidwa. Mankhwala ake ndi maso. Gulani cimene caphikidwa inu mukuona ndipo cikali cotentha, imani pa mzela umene eni mudzi aimapo, sambani m'manja, ndipo imwani madzi a m'botolo lotseka. Yaciwili ndi ya ndalama. Mlendo amene safunsa mtengo asanadye amalipila kawili, monga zicitikila pa msika uliwonse. Funsani coyamba, ndipo m'mawa pitani ku msika wa Darajani kumene amai a mumzindawo amagula, mukaone mitengo yeniyeni. Yacitatu ndi ya akulu-akulu amene amati sanadye ngati sanadye nsima. Amenewo asade nkhawa, pakuti nsima iliko, kumeneko amati ugali. Odwala shuga kapena BP, amene adokotala anawaletsa zakudya zina, atsate malangizo ao. Koma gulu lonse lisamangidwe pa mthiko cifukwa ca anthu awili.

Kudya kwa eni kumafunanso ulemu. Anthu ambili a ku Zanzibar ndi Asilamu. Nyama ya nkhumba musaifune, mowa musayende nao m'njila, valani zobisa mapewa ndi maondo, ndipo m'mwezi wa Ramadani musadye poyela masana. Citenje cimene amai athu amavala kale ndi cokwanila. Mau awili okha, asante ndi tafadhali, amatsegula mitima, ndipo mudzadabwa kuona kuti Ciswahili cili ndi mau ambili ofanana ndi athu, monga nyama, mbuzi ndi nyumba.

Kwa alimi, tsiku limodzi lisungidwe la ku minda ya zonunkhilitsa ya ku Kizimbani ndi Kidichi, kunja pang'ono kwa mzinda. Kumeneko mtengo umodzi umabweletsa ndalama katatu. Mlendo amalipila kuti aone m'mene karafuu, mdalasini ndi tsabola wakuda zimamelela, amalipila cakudya ca masana cophikidwa ndi zomwezo, ndipo pocoka amagula tumapaketi topita nato kwao. Ife nshawa zathu za Chalimbana timagulitsa ndi makoko omwe kwa ogula oyenda ndi sikelo, pa mtengo umene iwo anena. Mlimi amene waona ndi maso ake zimene anzake a ku cisumbu amacita adzabwela ndi mafunso abwino ku msonkhano wa kopaletivu.

Conco inu a komiti yokonza ulendo, polemba bajeti, ndalama ya unga, makala ndi yonyamulila mapoto muiike pa cakudya ca kumeneko. Idzalowa m'manja mwa mai wophika urojo, msodzi ndi mlimi wa nzimbe, anthu odyela thukuta lao monga ife. Nsima mudzaipeza pobwela, nkhokwe siithawa.