Mpweya m'mabuleki a njinga

Walira mvula walira matope, ndipo iye amene wagula njinga ya mabuleki a mafuta adziwe kuti lidzafika tsiku limene chogwirira chidzafewa m'dzanja lake, pakuti mpweya, umene umapanikizika pomwe mafuta sapanikizika, udzakhala utalowa m'paipi. Pamenepo achotse gudumu ndi mapadi, popeza mafuta akadonthera pa mapadiwo ntchito yawo yatha, nakankhe mafuta atsopano ndi sirinji kuchokera kumunsi, akugogoda paipi pang'onopang'ono, kufikira thovu lonse litatulukira kumwamba. Koma chimene ndichonderera koposa n'chakuti asasakanize mafuta: mabuleki a Shimano afuna a mineral, mabuleki ambiri a SRAM afuna a DOT, ndipo kusinthanitsa kumaononga timphira totsekera, mabuleki nakana kugwira pamtsetse.

Mmisiri wa Njinga