Kulumikiza mawaya a heat pump si ntchito ya "ndinaonera pa YouTube"

Masiku ano mwana wa Fomu 3 amene ali ndi foni ndi kabandulo akhoza kuonera munthu wa ku America akukweza chimakina padenga, n'kulumikiza timawaya tingapo, n'kudina batani, mphepo yozizira n'kuyamba kutuluka m'nyumba. Kanema yense mphindi 10 basi. Ukamaliza kuonera umadzimva ngati nawenso ungathe. Ine monga mphunzitsi wa Fizikisi, maganizo anga ndi awa: onerani makanemawo, phunzirani mmene makinawo amagwirira ntchito, koma musawatenge ngati chilolezo chogwira mawaya. Komanso tisiye kunena kuti kulumikiza makina otere ndi ntchito ya anthu olephera sukulu. Ndi Fizikisi yeniyeni, yomwe mukuphunzira m'kalasimu, ndipo kuno ku Neno tikusowa anthu oidziwa bwino.

Makinawa munawaona kale

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, kuno ku Matandani ndani ali ndi heat pump?" Komatu ngati munagulapo chakumwa chozizira pagolosale, kapena munaona firiji ya katemera kuchipatala, ndiye kuti munaiona kale. Firiji ndi heat pump. AC ya mu banki ndi heat pumpnso. Ntchito yake ndi imodzi: kunyamula kutentha pamalo ena n'kukakutaya pamalo ena. Siipanga kuzizira ayi, imangochotsa kutentha.

Zinthu ziwiri zimene mumazidziwa kale zikufotokoza nkhani yonse. Thirani sipiriti pang'ono padzanja n'kuuzirapo. Pamazizira, chifukwa chinthu chamadzimadzi chikamasanduka mpweya chimatenga kutentha pamalo pamene chili. Mtsuko wa agogo umaziziritsa madzi m'njira yomweyi. Kenako popani tayala la njinga mwamphamvu, mugwire kumunsi kwa pampu. Kwatentha, eti? Mpweya ukapanikizidwa umatentha.

M'makinawa muli mapaipi otsekeka momwe mumazungulira gasi wapadera. M'mafiriji ambiri atsopano gasiyo ndi R-600a, amene amawira pa -12°C akakhala kuti sanapanikizidwe. Amalowa m'mapaipi a m'kati ali wamadzimadzi, n'kuwira, n'kutenga kutentha kwa zinthu zimene zili m'firijimo. Kompresa imamukoka n'kumupanikiza mpaka atenthe kuposa mpweya wa m'chipinda. M'mapaipi a kumbuyo amataya kutenthako n'kusandukanso wamadzimadzi. Akadutsa pakanjira kopapatiza kupanikizika kumatsika, ulendo n'kuyambiranso. N'chifukwa chake kumbuyo kwa firiji kumafunda.

Heat pump ya m'makanema ija ili ndi chinthu chimodzi choonjezera: valavu yotembenuza ulendo wa gasi. Boma lathu ndi malo abwino oganizira zimenezi. Kuchigwa ku Lisungwi ndi ku Zalewa dzuwa la Okutobala limaphika munthu, pamene kuno kumapiri mu Juni ndi Julayi timadzuka mano akugundana. Makina amodzi omwewo akhoza kutulutsa kutentha m'nyumba mu Okutobala, n'kukulowetsa mu Julayi. Mungafunse kuti panja pakazizira, kutenthako amakutenga kuti? Kumbukirani sikelo ya Kelvin: 10°C ndi 283 K. Mpweya umenewo udakali ndi kutentha kochuluka, bola gasi wa m'mapaipi akhale wozizira kuposa iwo.

Phindu lake lili apa. Hita wamba ukaipatsa yuniti 1 ya magetsi imakubwezera yuniti 1 ya kutentha. Heat pump yabwino imakupatsa mayuniti pafupifupi 3. Si matsenga, ndipo lamulo loti mphamvu siilengedwa silinaphwanyidwe. Mayuniti 2 enawo yangowanyamula panja. Lord Kelvin anafotokoza ganizo limeneli kale mu 1852.

Mtundu woika padenga uja umakhala ndi zonse m'bokosi limodzi: kompresa, mafani ndi mapaipi. Mpweya umalowa ndi kutuluka m'nyumba kudzera m'ngalande za malata. Bokosilo limalemera kuposa makilogalamu 100, ndipo likamagwira ntchito limanjenjemera. Limayenera denga limene analimanga kuti linyamule katundu wotere, monga a mashopu ndi maofesi akuluakulu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, osati malata athu okhomedwa pa timatabwa.

Mawaya a mitundu iwiri

Makinawa ali ndi njira ziwiri za magetsi. Yoyamba ndi ya mphamvu, yodyetsa kompresa ndi mafani. Tiyerekeze kuti makina akufuna 4,600 W. Magetsi athu ndi 230 V, ndiye ndi P = VI mupeza 20 A. Pulagi yathu ya mano atatu ija fyuzi yake siipitirira 13 A. Choncho makina otere salumikizidwa pa soketi. Amafuna waya wakewake wochokera pabokosi lalikulu la magetsi, breaker yakeyake, ndiponso swichi yozimitsira pafupi ndi makinawo kuti wokonza azimitse yekha n'kumaiona ndi maso.

Kukula kwa waya si nkhani yongosankha wotchipa. Kutentha kwa mu waya kumatsata I²R. Karenti ikawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Waya wowonda ali ndi R wamkulu, ndipo polumikiza posamangitsa bwino R amakulanso. Moto wa magetsi umatha kuyambira pamalo ngati amenewa, pa sikuluwu imodzi yosamangitsa, m'denga momwe simuona. Palinso waya wa earth, amene ena amamusiya chifukwa makina amagwirabe ntchito popanda iye. Zoona amagwira. Koma tsiku limene waya wa moto adzakhudze bokosi lachitsulo, karenti idzafuna njira yopitira pansi. Earth akakhalapo, breaker imadula msanga. Akapanda kukhalapo, njirayo ndi thupi la munthu woyamba kugwira bokosilo.

Njira yachiwiri ndi yolamulira. M'makina a ku America muli transifoma yaing'ono yotsitsa magetsi kufika pa 24 V, ndipo timawaya tating'ono timapita ku thermostat. Kalikonse kali ndi chilembo: R imabweretsa 24 V, C ndi yobwererapo, Y imaitana kompresa, G imaitana fani, O kapena B imalamula valavu yotembenuza ija, W imayatsa hita yothandizira kukazizira kwambiri. Thermostat siinyamula 20 A ija. Imangotumiza kakarenti kochepa ku koyilo imene imasanduka maginito n'kutseka swichi yaikulu. Ndi relay yomwe ija timajambula pabolodi. Koma taonani msampha: makampani ena valavu yawo imalandira magetsi poziziritsa, ena potenthetsa. Ukasokoneza, umadina kuti kuzizire, m'nyumba n'kusanduka uvuni.

Thermostat yakale inali ndi kachitsulo ka zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi, zofutukuka mosiyana zikatenthedwa, kotero kamapindika n'kutsegula kapena kutseka swichi. Zatsopano zimagwiritsa ntchito thermistor. Zonsezi zimangodziwa kutentha kwa pamalo pamene zili. Mukaiika pamene pamawomba dzuwa la pawindo, kapena pafupi ndi khitchini, imaganiza kuti nyumba yonse yatentha, makina n'kumangolira osapuma, mayuniti n'kumatha. Malo ake ndi khoma la m'kati, pafupifupi mamita 1.5 kuchokera pansi, kutali ndi dzuwa, chitseko ndi mphepo yotuluka m'makinawo.

Pamene kanema wa ku America angakupwetekeni

Tsopano mvetserani bwino. Ku America waya wakuda ndi wa moto, woyera ndi neutral. Kwathu kuno m'nyumba zambiri zakale wofiira ndiye wa moto, wakuda ndi neutral. M'zingwe zatsopano wa moto ndi wa bulawuni, neutral ndi wa buluu, earth ndi wobiriwira wosakaniza ndi chikasu. Waya wakuda yemweyo, matanthauzo awiri. Munthu amene waphunzira mitundu pa kanema, osadziwa kuti kanemayo ndi wa dziko liti, akhoza kugwira waya wa moto ali ndi mtima wonse kuti ndi wabwinobwino. Katswiri sakhulupirira mtundu wa waya. Amazimitsa, n'kuyeza ndi mita, kenako n'kugwira.

Chachiwiri ndi frequency. Makina ambiri a ku America amalembedwa 208/230 V, ndiye ukaona 230 umati zafanana ndi zathu. Werengani mopitirira: pali 60 Hz. Magetsi athu ndi 50 Hz. Mota yopangidwira 60 Hz ikapatsidwa 50 Hz liwiro lake limatsika kufika pa magawo 5 mwa 6, imatentha kuposa mmene iyenera, ndipo siikhalitsa. Chachitatu ndi capacitor yothandiza mota kudzuka. Imatha kusunga chaji ngakhale magetsi atazimitsidwa. Makina ozima si makina otetezeka.

Palinso chimene makanemawo sakamba kawirikawiri, chifukwa kwawoko magetsi sathimathima ngati kuno. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire: ku Nkula, komwe siteshoni yoyamba inatsegulidwa mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira. Magetsi akathima n'kuyakanso nthawi yomweyo, gasi wa mbali imodzi amakhala akadali wopanikizika. Kompresa ikayesa kudzuka pamenepo zili ngati kuyamba kupalasa njinga pakati pa chitunda uli ndi thumba la chimanga. Imakoka karenti yochuluka, imatentha, mwina n'kupsa. N'chifukwa chake thermostat zabwino zimadikira mphindi pafupifupi 5, ndipo fridge guard imachitanso chimodzimodzi. Wosadziwa amati kachipangizoka kakuchedwetsa, n'kukachotsa. Wodziwa Fizikisi amakasiya.

Musaone ngati ndi nkhani ya anthu olemera ofuna mphepo yozizira. Katemera wambiri amasungidwa pakati pa 2°C ndi 8°C. Akatentha amaonongeka, ndipo ena akaundana amaonongekanso, koma m'botolomo amaoneka bwinobwino. Thermostat yosokonekera pa firiji ya kuchipatala ikhoza kuchititsa kuti mwana abayidwe katemera wopanda mphamvu, amayi ake n'kubwerera kunyumba ali okondwa.

Nanga amisiri ovomerezeka ali kuti?

Ndikudziwa zimene ena anganene: "Aphunzitsi, mukukamba ngati muli m'tauni. Katswiri weniweni achokere ku Blantyre, umulipirire thiransipoti, msewu wake umenewu nthawi ya mvula. Pamene mnyamata wapamsikayu amalumikiza ndipo zimayaka." Sindikutsutsa kuti vutoli lilipo. Mtunda ndi wautali, ndalama ndi zovuta, ndipo ena mwa anyamata ophunzira poonererawo ali ndi manja abwino ndithu. Koma kuyaka si umboni woti ntchito yagwiridwa bwino. Waya wowonda amayatsa makina lero, mawa, mwina chaka chathunthu, kufikira tsiku lotentha limene adzasungunuke. Earth wosowa sadziwika mpaka tsiku la maliro. N'chifukwa chake bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa anthu olumikiza magetsi m'nyumba, ndipo kufunsa chiphasocho si mwano.

Yankho la kusowa kwa akatswiri si kulola aliyense wokhala ndi sikuludiraiva. Yankho ndi kuchulukitsa akatswiriwo, ndipo akatswiriwo ndinu. Mishoni ya Matandani, imene inayamba mu 1908, inadziwika kalekale ndi kuphunzitsa ntchito zamanja, ndiye si zachilendo kuti dera lino litulutse amisiri. Pali makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA, komwe kuli maphunziro a zamagetsi ndi a mafiriji ndi ma AC. Amene akhoza bwino MSCE pali MUBAS ku Blantyre komwe amaphunzitsa uinjiniya wa zamagetsi. Atsikana, ndikunena ndi inunso. Mita yoyezera magetsi siifunsa kuti waigwira ndani.

Pakadali pano pali zambiri zimene mungachite popanda kuika moyo pachiswe. Pemphani mwini golosale kuti muwerenge kachikwangwani ka pa firiji yake. Lembani ma volt, ma Hz, ma watt ndi dzina la gasi, kenako muwerengetsere karenti. Onani ngati kumbuyo kwake kuli mpata woti mpweya udutse, poti firiji yokanikizidwa kukhoma imavutika kutaya kutentha. Mukaona wina akuchotsa ayezi m'firiji ndi mpeni, muletseni mwaulemu, chifukwa akabowola paipi gasi amathawa, ndipo R-600a amayaka moto. Mukafuna kulumikiza mawaya, yambani ndi mabatire a tochi ndi kababu m'labu, muyese kupanga swichi imodzi yolamula ina.

Ndipo mukamaonera kanema wotsatira, muzimufunsa mafunso: dziko lake ndi liti, ma volt angati, ma Hz angati, wazimitsa pati, wayeza ndi chiyani asanagwire? Mukayamba kufunsa choncho ndiye kuti mwayamba kuganiza ngati katswiri. Zotsalazo mukaphunzire kwa anthu ovomerezeka, mutenge chiphaso, mubwere mudzatikonzere mafiriji a katemera kuno kwathu.